Akuti Paipi Yalowa Mpweya

Loweruka lapitali ndinapha anthu asanu ndi mmodzi.

Musathamangire kupolisi. Anali anthu a m'kompyuta, ndipo mwini wake anawadzutsa onse pongodina batani limodzi. Koma ndati nkhaniyi ndikuuzeni ndekha musanaimve kwa alamu anga, chifukwa iwo akamaifotokoza amathira mchere wambiri.

Alamu angawo ndi a Namathanga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Amagwira ntchito ku Limbe, ndipo anabwera kuno ku Ndunde kudzapuma masiku ochepa. Ena akamachokera m'tauni amanyamula buledi ndi shuga. Iwo ananyamula laputopu. Munthu wa imvi zake, wa ana akuluakulu, koma atangomaliza kupereka moni kwa amayi awo anakhala pakhonde n'kuyatsa gemu.

Ine ndine mphunzitsi, ndiye ndinayamba ndi ulaliki. Ndinawauza kuti masewera ndi a ana, kuti dziko lino silikutukuka chifukwa amuna amphamvu zawo akungokhalira kudinadina mabatani. Iwo anangosuntha pabenchi n'kunena kuti, "Khalani apa, alamu, muzilalikira muli pansi." Ndinakhala. Ulaliki unathera pomwepo.

Gemu yake ili chonchi. Pali anthu ang'onoang'ono amene atsekeredwa pansi pa nthaka, m'kati mwa miyala. Kulibe mtsinje, kulibe mphepo, kulibe golosale. Wosewerayo ndiye boma lawo. Aziwauza pokumba zipinda, pomanga bafa, podzala mbewu, poyala mapaipi. Akalakwitsa, anthuwo salemba kalata yodandaula kapena kuyimba foni ku wailesi. Amangofa basi. Ndinaganiza kuti maboma ambiri angakonde nzika zoterezi.

Tsiku limenelo alamu anali pa vuto la madzi. Paipi imodzi inkachoka pa pampu n'kudutsa malo atatu: poyamba bafa, kenako kadimba ka m'nyumba, kumapeto kwenikweni khitchini. Kubafa madzi anali mbwee. Kudimba ankafika modontheza. Kukhitchini kunali gwaa, wophika wawo atangoima manja lende, pamutu pake pakuthwanima kachizindikiro kofiira.

"Sabata yathunthu ndikulimbana nazo izi," anatero alamu. "Pampu ikukoka bwinobwino, paipi sinaduke, koma kumapetoku madzi ayi."

Ndinakonza kolala ya shati. Mwina simukudziwa, ine ndine mlembi wa komiti ya madzi ya madimba athu. Nkhani za mapaipi ndi zanga. Ndinawauza kuti aike pampu yaikulu. Anaika. Bafa linangowonjezera kusangalala, kukhitchini kuli gwaa chomwecho. Ndinawauza kuti amenyemenye paipiyo ndi mwala, poti kwathu timatero. Anati mu gemumo mulibe batani lomenyera. Ndinati ndiye asankhe komiti yoti ikafufuze. Sanaseke.

Tili mkati motero, amayi awo anawaitana kuti akapepese maliro amene anachitika pakhomo loyandikana nalo iwo ali m'tauni. Ananyamuka, n'kundisiyira laputopu pamiyendo.

"Muzingoonerera, alamu. Musagwire kanthu."

Kodi munamvapo mphunzitsi atauzidwa kuti asagwire kanthu n'kumvera?

Nditayang'anitsitsa ndinaona paipi ina yachiwiri, yoyenda chakudenga, yolowa m'chipinda chilichonse. Ndinailoza ndi kamuvi kolozera zinthu pa kompyutapo, ndipo panatuluka mawu osonyeza zimene zinali m'katimo. Mpweya. Kuyambira kumutu mpaka kumchira, mpweya wokhawokha, ngakhale dontho la madzi munalibe. Mtima wanga unadumpha ndi chisangalalo. Munthu wa ku Limbe walimbana nazo sabata yonse, ine wa kumudzi ndapeza matenda m'mphindi ziwiri! Ndinafufuza batani logumulira, ndipo paipi yonseyo ndinaizula bwinobwino, osasiyako ndi kachidutswa komwe.

Poyamba zinthu zinali bata. Kenako anthu aja anayamba kuyenda mwapendapenda. Wina anagwira pakhosi. Wophika uja anagwa pafupi ndi mbaula. Pomwe alamu ankabwerako ku chipepeso, anapeza maliro ena asanu ndi amodzi akuwadikira pakhonde.

"Alamu! Paipi ya mpweya ili kuti?"

"Ndachotsa. Inalowa mpweya."

"Inalowa chiyani?"

"Mpweya. Yonse. N'chifukwa chake madzi samafika."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iii, koma aphunzitsi inu! Imeneyo ntchito yake ndi yomweyo! Anthuwa ali pansi pa nthaka, mumati azipuma chiyani? Mwawatsamwitsa onse!"

Sekani, palibe vuto. Koma mundiuze zoona: inu munaonapo kuti paipi yoyalidwa dala kuti izinyamula mpweya? Kuno mpweya timaupeza waulere, umangotipeza wokha ngakhale tili mtulo. Paipi ikayamba kutulutsa mpweya, ife timadziwa kuti yadwala. Mukatsegula mpopi n'kumva "fooo," simunena kuti zikomo, ndipumeko. Mumanyamula ndowa n'kuyamba ulendo wa kumtsinje.

Alamu anabweza gemu pomwe inali m'mawa, akufa onse anauka, paipi ya mpweya inabwerera m'malo mwake. Vuto la madzi linali pomwepo likutidikira. Ndiye anadina batani lina limene ndikulilakalaka mpaka lero. Zinthu zonse zinada, n'kutsala mapaipi okha akuwala, ndipo madzi ankaoneka m'katimo ngati timibulu tobiriwira tikuyenda pamzere. Kambulu kalikonse unkatha kukatsatira ndi maso, kuona komwe kachokera ndi komwe kathera.

Tili chiweramire choncho, mayi a kunyumba anadutsa ndi lichero la nyemba. Anaima kumbuyo kwathu, n'kusuzumira kamphindi.

"Nanga chovuta n'chiyani pamenepa?" anafunsa. "Si uyo wa kubafayo ali poyamba? Akumwa kaye mpaka akhute, enawo azilandira zotsala. Ndiye iyeyo sakhuta. Mutsekereniko pang'ono muone."

Alamu anaika kachotsekera pa nthambi yopita kubafa, n'kuchepetsa. Timibulu tija tinayamba kudutsa, tina kudimba, tina mpaka kukhitchini. Wophika anayamba kutakasa mphika. Sabata yathunthu ya munthu wa ku Limbe ndi luso lonse la mlembi wa komiti zinathera m'manja mwa munthu amene ankangodutsa ndi nyemba.

"Zophweka," anatero mayiwo. "Kungoti amene ali poyamba sayang'ana kumunsi."

Mawuwo ankalankhula ndi achimwene awo, koma maso anali pa ine.

Tsopano ndikuuzeni za madimba athu, kuti mumvetse chifukwa chake nyemba za tsiku limenelo sizinandikomere.

Madzi athu amachokera pa kasupe wa m'phiri. Amalowa mu thanki ya simenti, ndipo m'mawa uliwonse timatsegula kuti atsike ndi paipi imodzi yodutsa madimba khumi ndi awiri. Nthawi ya dzinja palibe amene amadandaula. Koma miyezi ino ya dzuwa kasupe amafooka, ndipo ikamakwana teni koloko thanki imakhala yauma.

Dimba loyamba, pansi penipeni pa thanki, ndi la kwawo kwa mayi a kunyumba. Ine monga mkamwini wakhama ndinadzalamo kabichi. Anzathu onse amatunga ndi ndowa pa timipopi tating'ono. Ine ayi. Pomwe ankayala mapaipi panatsala chidutswa chonenepa, ndipo monga mlembi ndinaona kuti si bwino katundu wa gulu azingowonongeka padzuwa. Ndinachilumikiza kudimba kwanga. M'mawa ndimatsegula, madzi n'kumayenda okha m'mizere, ine n'kupita kukamwa tiyi, kusita shati, kupita kusukulu. Kabichi wanga mutamuona mungafune kujambulitsa naye.

Dimba lomaliza, kumunsi kwenikweni, ndi la Abiti Saizi. Ndi mayi wamasiye, wamkulu ndithu, amene amagulitsa matimati m'mbali mwa msewu ku Njuli. Alibe munda wina wodalira kupatula kadimba kameneko. Chaka chino anafesa mabedi atatu a mbande, kuti akaokera adzakolole nthawi imene matimati amasowa. Mbande zikafa, chaka chawo chafa.

Masabata atatu apitawo anabwera kunyumba kwanga m'mawa, atavala mpango wawo woyera, n'kuima patali mwaulemu.

"Aphunzitsi, kwathu kuja madzi sakufikatu. Ndikatsegula pangomveka fooo."

Ine, kapu ya tiyi ili m'manja, ndinayankha ndi mawu a munthu wodziwa zinthu. "Mayi, imeneyo yalowa mpweya. Zimachitika nthawi ya dzuwa. Muzitsegula n'kusiya, mpweyawo uzituluka."

Anathokoza n'kubwerera. Patapita masiku anabweranso. Ndinawauza kuti mpweya wake ndi wamakani, ayese kumenya paipi ndi mwala. Anakamenya. Ulendo wachitatu ndinawauza kuti nkhaniyi tiikambirana pa msonkhano wa komiti. Tinaikambiranadi, ndipo ndinalemba ndi dzanja langa m'buku kuti: vuto la kumunsi, mpweya. Tinagwirizana zopempha akufuna kwabwino kuti atimangire thanki yaikulu. Anthu anawomba m'manja.

Mnzanga wina anandiuza kuti anawapeza Abiti Saizi atagwada pa mpopi wawo, akuyamwa ndi pakamwa kuti akoke mpweyawo. Tinaseka. Inde, ndinaseka nawo, ndipo lero ndikamakumbukira ndimamva kutentha kumaso. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife a kumtunda m'mimba munali phee, ndiye tinkangowaphunzitsa katsekulidwe ka chitseko.

Kuyambira pamenepo akhala akutunga madzi kumtsinje, mtunda wautali ndithu, ndowa pamutu, miyendo yawo yotupa ija. Ndowa zingati zingakwane mabedi atatu pa dzuwa la Okutobala?

Musandimve molakwa. Mpweya umalowadi m'mapaipi, amisiri amadziwa. Ndipo "fooo" amene ankamva mayiwo anali mpweya weniweni. Paipi yopanda madzi mumafuna mukhale chiyani, uchi? Bodza langa linali la mtundu wapamwamba, lija lokhala ndi choonadi pang'ono m'kati. Ndinatchula chimene chinali m'paipi, osatchula amene anamwa chimene chinayenera kukhalamo.

Ndipo pamenepa, abale anga, musandisiye ndekha m'bwalo la milandu. Bwerani tikhale tonse pabenchi, malo alipo.

Ife timakonda kwambiri olakwa opanda nkhope. Mukapita ku ofesi kukatenga chikalata chimene munalembetsa kalekale, amakuuzani kuti netiweki yavuta. Netiweki yake ndi yochenjera, imadziwa kusankha. Imavuta pa inu, koma akalowa mlamu wake wa bwana imadzuka n'kugwira ntchito mothamanga. Dzina lanu likasowa pa mndandanda wa olandira zinthu, amati sisitimu yalidumpha. Sisitimu imeneyi sinadumphepo dzina la mkazi wa wolemba mayina, ngakhale mwangozi. Mbewu ikafika kumudzi mvula itagwa kale, amati ndi mayendedwe. Mayendedwe ake amafika msanga kwa amene ali pafupi ndi msewu, n'kuthyoka mwendo akamayandikira kwa inu.

Mpweya, netiweki, sisitimu. Ubwino wa anthu atatuwa ndi woti alibe mudzi. Simungawaitanire ku bwalo, simungakumane nawo pamaliro n'kuwayang'ana m'maso. Ndipo wokuuzaniyo amaoneka wachisoni kuposa inu, mpaka mumachoka mukumupepesa.

Nanga mankhwala athu? Nthawi zonse ndi amodzimodzi: tiwonjezere. Thanki yaikulu, pampu yaikulu, thandizo lina, msonkhano wina wokhala ndi fanta. Ndinaziona ndi maso anga pa laputopu ya alamu kuti ukakulitsa pampu osakhudza wa poyamba, wa poyambayo ndi amene amanenepa. Koma kupempha thanki yaikulu n'kokoma, chifukwa palibe amene amakwiya. Kuuza munthu kuti tsekaniko mpopi wanu, pamenepo ndiye pamafunika chiwindi. Makamaka munthuyo akakhala amene amasunga buku la komiti.

Ndinafunsa alamu ngati kulibe foni yokhala ndi batani lija, loti ukadina dziko lide n'kutsala mapaipi okha akuwala, tione kambulu kalikonse komwe kakuthera. Anati kulibe. Ndikuganiza kuti ngakhale atalipanga, komiti yoyamba kuliletsa ingakhale yathu. Tinganene kuti likusokoneza mtendere wa m'mudzi.

Lamulungu ndinakhala m'tchalitchi osamva ulaliki. Ndinkadziuza kuti mwina si ine. Madimba ndi khumi ndi awiri, bwanji mlandu ugwere mmodzi? Mwina kasupe wangouma. Mwina kuli mpweya ndithu. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo ine nyimbo ndimazidziwa zambiri. Koma gemu ija inali itandiphunzitsa chinthu chimodzi chosavuta: ngati ukukayikira nthambi ina, itseke uone chimene chichitike.

Lolemba m'mawa thanki itatsegulidwa, ndinapita kudimba n'kutseka paipi yanga yonenepa ija. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati wakuba, chonsecho kanali koyamba m'masabata ambiri kuti ndisabe. Kenako ndinatsika ndi kanjira ka m'madimba, ndikupereka moni kwa anthu ngati ndikungoyendera ntchito za komiti.

Ndisanafike n'komwe ndinamva phokoso la madzi akugwera mu ndowa.

Abiti Saizi anali ataima pa mpopi wawo, madzi akutuluka mwamphamvu mpaka kuwathovukira pa chitenje. Sanali kuseka. Ndinayang'ana mabedi aja. Awiri anali atapserera, timbande tagona pansi ngati ulusi, toti ngakhale utathira mtsinje wonse sitingadzuke. Bedi lachitatu, la pansi pa mthunzi wa nthochi, linali likupumabe. Pamenepo ndi pomwe ankathira ndowa zawo za kumtsinje zija, atasankha kuti awiriwo apite.

Ndinafuna kunena zoona. Ndikulumbira, mawu anali pakamwa. Koma chimene chinatuluka ndi ichi:

"Mwaona, mayi? Mpweya uja watuluka."

Anatseka mpopi, n'kuika ndowa pambali, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Eetu, aphunzitsi, watuluka. Ndauona ukutsika ndi kanjira aka, utavala nsapato zopolisha."

Ndinayang'ana nsapato zangazo, kenako ndinafunsa.

"Munkadziwa?"

"Iii, bambo, ine ndakalamba ndi madimba. Madzi akamasefukira m'kabichi mwanu mpaka kumsewu, ine ndimadutsa pomwepo ndi ndowa yanga."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene kwa ndani? Ndinabwera katatu kwa alembi a komiti. Alembiwo anati ndi mpweya. Ine wosapita kusukulu nditsutse aphunzitsi?" Anawerama n'kunyamula ndowa. "Ndinkangoti tsiku lina mpweyawo udzachita manyazi."

Sanandilalatire. Ndikanakonda akanatero, bwenzi nditapeza poyambira kudziteteza. Anangopita pa bedi lotsalalo n'kuyamba kuthirira ndi chikho, pang'onopang'ono, kuti madzi asagwetse mbande. Ndinapempha kuti ndiwathandize kufesanso mabedi awiri aja. Anati nthawi yapita, zofesa lero zidzapsa pamodzi ndi za aliyense, msika utadzaza kale. Anati ngati ndikufuna kuthandiza, ndikudziwa pomwe pali chotsekera.

Lero ndi Lachinayi. Masiku anayi tsopano ndikutsegula paipi yanga kwa kanthawi kochepa, n'kutseka, n'kuthirira zotsalazo ndi ndowa ngati wina aliyense. Msana ukuwawa. Kusukulu ndafika mochedwa kawiri. Kabichi wanga wayamba kugwetsa makutu masana, ndipo dzulo mnzanga wa mu komiti anaima pa mpanda n'kundifunsa kuti, "Alembi, kabichi uja watani?"

Mukudziwa chimene ndinatsala pang'ono kuyankha? Ndinaluma lilime.

Sindikulemba izi kuti mundiwombere m'manja. Mabedi awiri anafa, ndipo anafa ndi dzanja langa, ine ndikumwa tiyi. Lotsalalo likhala ndi moyo ngati ine ndipitirize kudzuka m'mawa uliwonse n'kukatseka, popanda wondiona, popanda lamulo londikakamiza, kabichi wanga akufota ndikuona. Mvula ikadali kutali. Ndikunena zoona, sindikudziwa ngati khama limeneli ndifika nalo kumapeto a mwezi, chifukwa ndikudzidziwa.

Inu amene mukuwerenga muli pa mpando wa ofesi, pa windo la chipatala, pa tebulo lolembera mayina, kapena pa dimba loyamba pansi pa thanki: munthu uja munamubweza sabata ino n'kumuuza kuti abwerenso mawa, mukuganiza kuti anakukhulupirirani? Kapena anangokuthokozani mwaulemu, n'kupita kukasankha mabedi awiri oti afe?